Zikhomo za ku Thawale

Matope a m'dambo ali ndi fungo lawolawo, losiyana ndi la matope a mumsewu. Amanunkha masamba owola ndi dzimbiri la malata akale, komanso kafungo kena kozizira kamene kamatsalira m'mphuno mpaka madzulo. Ukaponda mpungabwi womera m'mbali, fungo lija limasakanikirana ndi lina lobaya. Papita zaka zambiri ndisanalimvenso, koma ndikangotsinzina limabwera lokha, ndipo ndimapezeka ndili kamtsikana ka Sitandade 7, nditakwinyira yunifomu m'chiuno, mapazi atamira mpaka m'akakolo ku Thawale, kumunsi kwa phiri la Bangwe. Linali dzinja limene tinaphunzira za achule.

Tinkakhala awiri, amayi ndi ine, m'zipinda ziwiri za lendi pamdadada wa mayi wina amene aliyense ankangomutchula kuti alandi. Bambo anapita ku Joni ndili wakhanda, ndipo njira yobwerera anaiiwala. Amayi ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, ndipo kusamuka kunali ngati matenda athu a kumtundu. Ndinabadwira ku Ndirande, mano anandigulukira ku Zingwangwa, kuwerenga ndinakudziwira ku Bangwe. Nyumba iliyonse inali ndi malamulo ake: kwina mwana wa lendi sasewera pakhonde, kwina kiyi wa kuchimbudzi umachita kukapempha. Munda wa amayi unali chitini cha penti chimene anadzalamo tsabola wa kambuzi. Tikamasamuka katundu yense ankakwera wilibala, koma chitinicho ankasenza okha pamutu. Chaka chimenecho, mvula yoyamba itangogwa, alandi anaima pakhomo pathu, abakha awo ali pambuyo, n'kunena kuti mwana wawo wamwamuna akwatira chimanga chikauma, ndiye tiyambiretu kuyang'ana kwina.

Thawale linali dambo la kuseri kwa sukulu yathu, ukatsika kamtunda ka miyala. Nyumba zinali zitadzaza kale mbali zonse, zina zitakwera phiri mpaka pamene ngakhale mbuzi imayamba yaganiza, koma dambo lokhalo linatsala lobiriwira pakati. Munali bango, mlulu ndi nsenjere, ndipo pakatikati panali kasupe wotuluka patsinde pa mitengo ya katope, madzi ake n'kusonkhana m'dziwe laling'ono. Pamphanda ya mtengo waukulu nantchengwa anamangapo chisa chake chosalongosoka. Sikuti anthu a ku Bangwe ankalikonda dambolo ayi. Chimene chinalisunga n'chakuti palibe ankadziwa mwini wake. Ena ankati ndi la mzungu wa esiteti amene anachoka kalekale, ena ankati ndi la boma, ena la mpingo. Aliyense ankaopa kumanga lero mawa n'kugumulidwa, choncho ankangoliyang'ana cham'mbali podutsa, kudikira kuti wina ayambe.

Amene anatitengera kumeneko anali a Namakhwa, mphunzitsi wathu wa sayansi, munthu wamtali, woonda, woyankhula motsitsa ngati m'nyumba muli wodwala. Anayambitsa kalabu ya zachilengedwe, ndipo ambiri tinalowamo chifukwa inkakumana nthawi yosesa pabwalo. Ndisaname, inenso ndinkathawa tsache. Zipangizo zawo zinali zomvetsa chisoni: kasefa ka neti yakale ya udzudzu yosokerera pawaya, mabotolo otha jamu, beseni loyera lothothoka m'milomo, ndi galasi limodzi lokuzira zinthu limene ankalisunga m'sokosi. Popita kudambo ankavala majombo pamwamba pa thalauza la kusukulu, tayi ali m'khosi, ndipo momwe ankanyamulira miyendo m'matope anyamata anangowapatsa dzina loti a Kakowa. Dzinalo ankalidziwa, koma silinkawavuta.

Tsiku loyamba sitinakhudze n'komwe madzi. A Namakhwa anati dambo lonse munthu sungalione, chifukwa diso limathamanga n'kusiya zambiri m'mbuyo. Aliyense akhale ndi kagawo kake kakang'ono, akadziwe ngati chikhatho chake. Tinasongola zikhomo za nthambi za bulugama, tinamasula ulusi wa matumba akale a feteleza n'kupota zingwe, ndipo pachikhomo chilichonse tinamangirira kansanza kofiira kuti chisasowe m'udzu. Kenako anatiphunzitsa kakhomedwe. Ukakhoma zikhomo zinayi, umadutsitsa chingwe kuchokera pangodya ina kufika pa yoyang'anana nayo, kenako mbali inayo. Zingwe ziwirizo zikafanana kutalika, ndiye kuti ngodya zako zawongoka. Zikasiyana, zula uyambirenso. Anzanga anazula mpaka kunyinyirika, koma ine zinanditheka msanga. "Edina ali ndi diso la mmisiri," anatero a Namakhwa, ndipo mawuwo ndinayenda nawo mlungu wonse. Pofika madzulo dziwe lonse linali litazunguliridwa ndi timagawo ta zingwe, tinsanza tofiira tikugwedezeka ndi mphepo.

Kuyambira pamenepo, Lachitatu lililonse masana tinkatsikira kumeneko. Ntchito inali kunyonyomala pakagawo kako n'kuyang'ana, basi. Poyamba sunkaona kanthu koma udzu ndi madzi, miyendo ikuchita dzanzi, ndipo tinkanong'onezana kuti bola tsache lija. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero a Namakhwa osatembenuka. Ukakhaladi chete kwa kanthawi, dambo linkakuiwala n'kuyambiranso zake. Tizilombo ta miyendo yaitali tinkatsetsereka pamwamba pa madzi osamira. Nkhanu inkasuzumira pakhomo pa una wake n'kukankhira kunja kampira ka matope. Atchete ankalendewera kubango akukangana ngati amayi a pampopi. Tikasefa matope n'kukhuthulira m'beseni loyera lija, munkaoneka tinthu tonyansa tophiriphitha, ndipo galasi linkayenda mmodzimmodzi. Tsiku limene anatiuza kuti kachilombo kofiirira konga mphemvu ndiko kamadzasanduka tombolombo, tinawatsutsa pamaso. Mlungu wotsatira Tiyamike, mnzanga wa kagawo koyandikana ndi kanga, anapeza chigoba chake chitamatirira kuphesi la mlulu, chitang'ambika pamsana, mwini wake atauluka.

Anatiphunzitsanso kufunsa kuti ndani amadya ndani. Ambululu amadya ndere, kachilombo ka tombolombo kaja kamadya ambululu, achule amadya udzudzu, nantchengwa amadya achule, ndipo chilichonse chikafa chimabwerera m'matope momwe mlulu umamera. Mizu ya katope imagwira dothi, dothi limasunga madzi, madzi amasunga onsewo. Ukachotsapo chimodzi, zinzake zimamva. Ine ndinali nditazolowera kuti anthu oyandikana nawo umawasiya chaka chisanathe, ndiye zinandidabwitsa kuti pali malo amene chilichonse chili ndi pake, ndipo palibe amachiuza kuti chiyambiretu kuyang'ana kwina.

Kagawo kanga kanali m'mphepete mwenimweni mwa dziwe, theka pamtunda theka m'madzi. Panthambi yowerama pamwamba pake panali thovu loyera, lalikulu kuposa nkhonya, limene ana tonse tinkati ndi malovu a njoka. A Namakhwa anaseka n'kunena kuti chimenecho ndi chisa cha chule wa mumtengo, mazira ali mkatimo. Ndinayamba kumapitako ndekha pochokera kusukulu, ngakhale masiku osakhala a kalabu. Tsiku lina ndinapeza thovu litachita chikasu, likudontha, ndipo m'madonthomo munkagwa timbululu tating'onoting'ono, kamodzikamodzi, chubwi m'madzi. Panalibe wina woona koma ine. Nditawauza a Namakhwa, anandipatsa ntchito: ndiwayang'anire mpaka atuluke m'madzi ndi miyendo inayi, kenako ndidzafotokozere kalasi yonse nditaima kutsogolo. Anati miyendo yakumbuyo ndiyo imayamba, yakutsogolo imatsatira, mchira umatha pomaliza, ndipo chofunika ndi chimodzi chokha, chakuti madzi asaphwe zonsezi zisanachitike. Sindinakhalepo ndi galu kapena mphaka, alandi sakanalola. Ambululu amenewa anali anga, ndipo ndinkawakonda kwambiri.

Dzuwa likamalowa, kulira kwa achule a ku Thawale kunkafika mpaka pamdadada pathu, kuposa wailesi ya alandi ndi mahutala a maminibasi a kumsewu. Amayi ankakhala pakhomo akusankha tomato wophwanyika woti tiphike, ine ndikuwalongosolera za chule wolira ngati chitseko ndi wina wolira ngati mluzu. Ankandimvera ndi khutu limodzi. "Ndiye achule akowo akakula adzatipezera nyumba?" ankatero akuseka, koma kuseka kwake kosafika m'maso. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankayenda khomo ndi khomo kufunsa nyumba, n'kubwera mapazi atatupa.

Zinthu zinapotoka chimanga chitafika m'chifuwa. Mayi wina anatsikira kudambo kukamweta udzu wa mbuzi, ndipo anaona zikhomo zathu. Ku Bangwe chikhomo chomangirira chingwe chili ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo ngakhale mwana amalidziwa. Nkhani itafika pampopi, inali yakuti ku Thawale ayeza. Itafika pamsika, inali yakuti akugawa mapuloti. Pofika pasiteji ya maminibasi, mabwana a m'tauni anali atatenga kale mbali ya kumadzi, ndipo wochedwa atola nyenyeswa. Palibe anafunsa kuti nanga mapuloti ake akuchepa bwanji, oti ngakhale khola la nkhuku silingakwanepo. Ena anati zimenezo ndi zizindikiro chabe, malire enieni abwera.

Loweruka m'mawa tinamva mapazi panja. Anthu ankatsikira kudambo, wina ndi chikwanje, wina ndi zitsulo za bedi, wina atamasula chingwe choyanikira zovala, ndipo ankaitanizana kuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amayi nawo anamanga chitenje n'kutenga khasu. Ndinawagwira dzanja. "Amayi, zikhomozo ndi zathu za kusukulu. Zina ndinakhoma ndine. Palibe amene akugawa malo." Anandiyang'ana, khasu lili paphewa. Kenako analitsamiritsa kukhoma. "Ndiye tisakadzichititse manyazi, mawa n'kudzagumulidwa," anatero, ndipo anasenza beseni la tomato n'kupita kumsika. Mwa anthu onse a pamdadada pathu, amene anakhulupirira mwana anali amayi anga okha.

Lachitatu titatsika kamtunda kaja, a Namakhwa anaima chilili, sefa ili m'manja. Dambo lonse linali zingwe zokhazokha, zopingasana ndi zokhotakhota. Bango linali litagwetsedwa, zisa za atchete zili mbwee pansi, utsi wa udzu wauwisi ukukwawa pamwamba pa matope. Wina anali atabzala mphukira za nthochi, wina atathira mulu wa miyala, ndipo kumunsi amuna awiri ankalozana zala pamalire. Koma timagawo tathu tinali tosakhudzidwa. Palibe chingwe chathu chimene chinadulidwa, palibe phazi linapondamo. Chikhomo cha mnzako sudumpha, makamaka ngati mwini wake sukumudziwa, ndipo anthu onsewo ankalambalala tinsanza tofiira tija mwaulemu. Dziwe ndi mitengo yake zinatsala pakati zili momwemo. Ndinathamangira pakagawo kanga ndipo ndinapeza ambululu atanenepa, akuvundula ndere ngati palibe chachitika.

A Namakhwa anayenda puloti ndi puloti kufotokoza, majombo akulira m'matope. Anthu ankawapatsa moni mwaulemu n'kupitiriza kulima. Amene anawayankha anali bambo ake a Tiyamike, kalipentala wa pamsika, amene anaima atatsamira fosholo. "Aphunzitsi, ifetu si ana ayi. Achule amafuna mabikoni a malire? Ingonenani kuti mabwana anakutumani, kapena malowo mwadzisungira nokha. Ife sitikulimbana nanu. Zanu zikhale apo, zathu apa, nkhani yatha." Anthu anaseka, ndipo Tiyamike anangoyang'ana pansi.

Mlungu umenewo mphekesera inasintha njira. Tsopano inali yakuti mphunzitsi wadzitengera malo a kasupe, ndipo akubisala kumbuyo kwa ana a eni. Inafika mpaka muofesi ya ahedi, ndipo tinawaona a Namakhwa akutulukamo nkhope itagwa. Anali munthu woti ngakhale kachidutswa ka choko ankakabweza kukabati, ndiye dzina la wakuba malo linawalowa mpaka m'mafupa. M'kalasi ankayamba chiganizo n'kuchisiya panjira, maso ali pazenera.

Lachitatu lotsatira anatitsogolera osanyamula sefa kapena beseni. Anaima m'mbali mwa dziwe n'kukweza mawu, chinthu chimene ndinali ndisanawamvepo akuchita, ndipo makasu onse analeka. "Ana inu, aliyense azule zikhomo zake." Tinazula. Zinkatuluka mosavuta, zikutsanzika ndi kaphokoso konyowa. "Mwaonatu," anatero kwa anthu aja. "Pano palibe puloti. Malo ano si anga, si a bwana aliyense. Ndi a madzi. Inunso zulani zanu." Ndikukhulupirira kuti ankayembekeza kuti anthu achita manyazi. Palibe anawatsutsa, palibe anaseka. Ndinali ndikukulunga chingwe changa kudzanja pamene ndinaona kuti anthuwo sakuyang'ana a Namakhwa, akuyang'ana malo a kumbuyo kwawo.

Ndinafika kunyumba zikhomo zanga zinayi zili m'manja, ndipo ndinadabwa kupeza amayi atabwera kale, tomato wosagulitsa ali m'beseni pakhomo. Nkhani inali itandipitirira panjira. "Zimenezo usataye," anatero. "Tiye." Ndinawauza kuti paja pali ambululu anga. Sanakalipe. Anagwada n'kundipukuta matope patsaya ndi nsonga ya chitenje. "Unandiuza zoona, ndipo ndinakumvera. Anzanga onse apeza, ine ndatsala, ndipo chimanga chayamba kale ngaiyaye. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mwanawe. Tiye."

Titafika, ena anali atayamba kale kukhoma mbali zouma za patsinde pa mitengo. Chimene chinatsala chinali dziwe lenilenilo. Amayi analowa m'madzi mpaka m'mawondo, akukhoma zikhomo zanga ndi mwala, tinsanza tofiira tikadali pomwepo, chingwe atalumikiza ndi china choyanikira zovala. Ngodya zinkatuluka zokhota, mbali ina yotakata ina yopanikizika, ndipo bambo wa puloti yoyandikana anayamba kale kung'ung'udza. Amayi anatembenuka, thukuta likutsika m'khosi. "Edina, paja iwe umadziwa. Tandiwongolere." Ndinatenga chingwe. Ndinadutsitsa kuchokera pangodya ina kufika pa yoyang'anana nayo, kenako mbali inayo, ndinazula chikhomo chimodzi n'kuchisuntha, ndinayezanso. Misozi inkatsika, koma manja ankangochita zomwe anaphunzitsidwa. Zingwe ziwirizo zinafanana ndendende, ndipo bambo uja anasiya kung'ung'udza.

Chikhomo chimakusungira malo masiku ochepa chabe; ngati khasu silitsatira, wina amati mwini wake wagwa mphwayi. Ndinawapempha amayi kuti adikire pang'ono, chifukwa ambululu anali atangotuluka miyendo yakumbuyo, timiyendo tolendewera tosagwira ntchito. "Ndikadikira ine, akumba wina, ndipo achule akowo afabe," anatero. M'mawa mwake sanapite kumsika, beseni la tomato anatsika nalo kudambo. Anakumba ngalande kuyambira kumunsi, okha, matope mpaka m'ntchafu, ndipo fungo la dothi lakuda lotembenuzidwa linadzaza ponseponse. Ine nditaweruka kusukulu ndinawapeza akugumula kachigawo komaliza. Madzi sanachite phokoso. Anangoyamba kutsetsereka mwakachetechete, m'mphepete mwa dziwe mukutuluka matope onyezimira, ndere zikugona pansi. Dzuwa lisanapendeke, ambululu anali ataunjikana m'timaenje totsala m'mene amayi anaponda, akuphiriphitha, akhwangwala atatera kale panthambi. Amayi anakhuthulira tomato wawo pachitenje n'kundipatsa beseni. "Wola amene ungathe," anatero osandiyang'ana.

Ndinawola ndi manja awiri, matope ndi madzi omwe, n'kusenza beseni kukafuna kowasiya. Ndinatsata ngalande mpaka kukhwawa la kumunsi, koma madzi ake anali otuwa ndi sopo, odzaza majumbo ndi matewera, mafuta a kugalaji akuyandama pamwamba. Ndinakwera chakumtunda, ndipo konse kunali ngalande ndi milu ya dothi. Ndinazungulira mpaka khosi linauma. Pakamtunda ka miyala kaja ndinakumana ndi a Namakhwa, atavala nsapato wamba. Anasuzumira m'beseni. "Miyendo waiona?" anafunsa. "Yakumbuyo yokha, sala." Anagwedeza mutu, n'kuyang'ana kumunsi kumene amayi ankasalaza matope ndi khasu pakati pa tinsanza tofiira. Anazizindikira zikhomozo, ndinaona. Anangonditula beseni, n'kundinyamulira mpaka pamsewu.

Ambululu aja ndinawasunga kuseri kwa nyumba, nditavindikira ndi lichero lakale poopa abakha a alandi. Ndinkawapatsa ndere zimene ndinakanda pamiyala ya kubafa, ndipo madzi akachepa ndinkathira a pampopi. Ankafa tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse ndinkapeza ena atayandama, mimba zoyera zili m'mwamba, n'kuwachotsa ndi supuni. Kanatsala kamodzi. Kameneko kanatulukadi miyendo yakutsogolo, mchira unafupika, ndipo tsiku lina ndinakapeza katakwera m'mbali mwa beseni, kakang'ono ngati chikhadabo, pakhosi pakugunda. Ndinakayang'ana mpaka amayi anandiitana kawiri. M'mawa mwake kanalibe. Lichero linali litasunthika pang'ono, abakha akusambira m'chithaphwi cha pabafa. Sindinadziwe ngati kanadyedwa kapena kanathawa, ndipo ngati kanathawa, sindikudziwa kuti kakanapita kuti.

Kalasi sindinaifotokozere, ndipo a Namakhwa sanandikumbutse. Kalabu inangofa yokha, tinabwerera kutsache. Titafika pamutu wa achule m'buku, anajambula pabolodi mazira, mbululu ndi chule, n'kulumikiza ndi mivi yozungulira, ife n'kukopera. Mvula itatha mitengo ya katope inalowa m'mauvuni a njerwa. Nantchengwa anazungulirazungulira masiku angapo pamwamba pa zitsa, kenako sitinamuonenso. Madzulo ku Bangwe kunatsala wailesi ndi mahutala, ndi udzudzu umene unachuluka chaka chimenecho kuposa kale lonse. Chaka chitatha a Namakhwa anapempha kusamutsidwa, ndipo sindinamvenso za iwo.

Ife tinalowa m'nyumba yathu ukwati wa mwana wa alandi usanachitike. Inali ya zidina, malata ake ogula akale, pazenera pali thumba. Tsiku losamuka amayi anasenza chitini chija komaliza. Atafika anachigogoda pansi, anatulutsa tsabola ndi dothi lake lomwe, n'kumubzala panthaka pafupi ndi khomo. Chitini anachiponya kudzala. Ankaimba nyimbo ya kutchalitchi akusesa pabwalo pamene panalibe n'chinyalala chomwe, ndipo ndinali ndisanawaonepo atasangalala chotero. Chisangalalo chawocho chinandiwawa, ndipo ndinatha masiku ndikuwayankha ndi mutu wokha. Wodzagumula uja sanabwere, mpaka lero.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti akuluakulu analakwitsa, kuti anaona zikhomo za ana n'kuziyesa za mabwana, ndipo pakanapezeka wowafotokozera bwino akanabwerera kwawo. Ndinkagona ndikukonza mawu amene a Namakhwa akanayenera kunena. Lero ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ya lendi ku Machinjiri, ndipo ndikadutsa pamalo opanda nyumba ndimapezeka maso anga ayamba kale kuyeza. Ndiye ndikudziwa kuti pofika Lolemba la mlungu woyamba uja, ku Bangwe kunalibe amene sankadziwa kuti zikhomozo ndi za sukulu. Anthu anali atadikira zaka zambiri kuti wina ayambe, ndipo sanafune kufunsa zambiri za amene anayamba. Ndikudziwanso kuti chimene chinasunga dziwe milungu ija si maphunziro athu, koma bodza loti lili ndi mwini wake, ndipo linafa tsiku limene munthu woona mtima ananena zoona. Pamenepa mpaka pano sindipezapo chonditonthoza.

Amayi akukhalabe m'nyumba ija, tsopano ndi ya njerwa zowotcha. Madzi saiwala khwawa: dzinja lililonse makoma amanyowa mpaka m'chiuno, ndipo pakona ya chipinda chawo simenti imatuluka thukuta usana ndi usiku, moti amayalapo masaka. Ana anga akapitako sadziwa chifukwa chake dera louma la nyumba zothithikana limatchedwa ku Thawale, ndipo kulira kwa chule sanakumvepo kumeneko. Kukabwera mlendo, amayi amamuzungulitsa nyumba yonse ndi ndodo yawo, n'kumuonetsa ngodya. Amati amisiri onse anavomereza kuti m'dera lonselo mulibe puloti yowongoka ngati yawo. "Anayeza ndi mwana wangayu, ali Sitandade 7," amatero monyadira. Ine ndimati, "Eya, amayi," n'kutola saka lonyowa kukafinyira panja.